Bessie Coleman: Mwana wa M'munda wa Thonje Amene Anaphunzira Kuulutsa Ndege

Mukakhala mu mzinda wa Tete, kulira kwa ndege si kwacilendo. Imabwera kucokera ku Maputo, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kukatera ku Chingodzi, tsidya lija mukaoloka mlatho wa Samora Machel. Ana amasiya masewera n'kuyang'ana kumwamba. Akulunso timaba kuyang'ana, ngakhale timacita ngati sitikusamala. Nthawi zina imadutsa ndege yaing'ono ya injini imodzi, yolira ngati njinga yamoto. M'kati mwake mumangokwana anthu awiri kapena anayi basi. Kodi munayamba mwadzifunsapo kuti amene wagwira ndegeyo anaphunzira bwanji?

Lero muwerenga za mayi wina amene anaphunzira nchito imeneyi zaka zoposa 100 zapitazo. Dzina lake ndi Bessie Coleman. Sanali wa kuno, anali wa ku America. Koma makolo ake akale anatengedwa ukapolo kucokera kuno ku Africa, ndipo iye anakulira m'munda wa thonje, padzuwa loswa mtengo ngati lathu lino.

Bessie anabadwa pa 26 Januwale 1892 m'tauni yaing'ono ya Atlanta, m'cigawo ca Texas. M'banja mwawo munabadwa ana 13, ndipo iye anali wa nambala 10. Mayi ake anali a Susan, bambo ake a George. Bambowo anali ndi magazi a anthu akuda komanso a anthu amene azungu anawapeza ku America. Bessie ali ndi zaka ziwiri, banja lonse linasamukira ku Waxahachie, dera lolima thonje kwambiri.

Masiku amenewo ukapolo unali utatha, koma tsankho linali lidakali lamphamvu, ndipo linali lolembedwa m'malamulo. Munthu wakuda anali ndi sukulu yake, khomo lake lolowera, ndi mpando wake m'sitima. Sukulu ya Bessie inali ya cipinda cimodzi cokha. Ankayenda pansi makilomita 6 tsiku lililonse. Thonje likangoyera m'minda, sukulu inkatsekedwa, ana onse thumba paphewa, ulendo kokatola thonje. Inu amene munasiyira sukulu panjira cifukwa ca munda, izi si nkhani yoti wina akufotokozereni.

Mu 1901 bambo ake anacoka n'kupita ku Oklahoma kukafuna moyo wabwinoko. Mayi ake anakana kutsatira. Anatsala ndi ana, n'kumakaphika ndi kusesa m'nyumba ya azungu. Bessie, wa zaka 9 zokha, ndiye ankalera ang'ono ake. A Susan sankadziwa kuwerenga, koma ankabwereka mabuku, ndipo madzulo Bessie ankawerenga mokweza banja lonse likumvetsera. Masamu ndiye ankawadziwa kwambiri. Pa nthawi ya thonje, iye ndi amene ankasunga mawerengero a zimene banjalo latola. Paja pa sikelo ya mwini munda, wosadziwa manambala amangovomera.

Ndege yoyamba ya injini inauluka pa 17 Disembala 1903. Anaipanga ndi anyamata awiri apacibale a banja la Wright, ndipo ulendo woyambawo unangotenga masekondi 12. Apo n'kuti Bessie ali ndi zaka 11, ali kalikiliki ndi thonje ndi zocapa.

Ali ndi zaka 18 anatenga tindalama tonse timene anasunga n'kukalowa koleji ya anthu akuda ku Langston, ku Oklahoma. Anangophunzira cigawo cimodzi ca caka, ndalama n'kutha. Anabwerera kwawo n'kuyambanso kucapa zovala za eni. Mu 1915, ali ndi zaka 23, anakwera sitima kupita ku Chicago kumene kunali azicimwene ake. Kumeneko anaphunzira kukonza zikhadabo, ndipo anapeza nchito pa malo ena ometera tsitsi.

Inu mukudziwa mmene nkhani zimayendera pometa. Aliyense amabwera ndi yake. Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918 itatha, asilikali obwerera kwawo ankakamba za ndege zimene anaona ku France. Mcimwene wake John nayenso anali atapita ku nkhondoko. Iyeyu ankakonda kumuseka mlongo wakeyo. Ankamuuza kuti akazi a ku France amaulutsa ndege, pamene iye adzafera pa zikhadabo za anthu. Zinali zoona ndithu kuti mkazi woyamba padziko lonse kulandira ciphaso ca ndege anali wa ku France, dzina lake Raymonde de Laroche, mu 1910. John ankangoti n'zoceza. Koma Bessie anazisunga mumtima.

Anayamba kufunafuna sukulu ya ndege. Kulikonse kumene anagogoda anamubweza. Anali ndi milandu iwiri imene sanapalamule: anali mkazi, analinso wakuda.

Amene anamutsegula maso ndi Robert Abbott, mwini wa nyuzipepala ya anthu akuda yochedwa Chicago Defender. Iyeyu anamulangiza kuti apite ku France, kumene khungu silinali coletsa kuphunzira ndege. Koma taganizani. Ku France amalankhula Cifalansa, ndipo mphunzitsi sangasinthe cilankhulo cifukwa ca munthu mmodzi. Ndiye Bessie, mayi wamkulu wa zaka pafupifupi 28, anabwereranso pa benchi. Akaweruka ku nchito ankapita ku sukulu ya zilankhulo ya Berlitz kukaphunzira mawu acilendo limodzilimodzi. Anapezanso nchito ina yoyang'anira malo odyera kuti ndalama ziculuke. Abbott uja ndi mwini banki wina wakuda, Jesse Binga, anaonjezerapo zawo. Pa 20 Novembala 1920 anakwera sitima ya pamadzi ku New York.

Sukulu imene inamulandira inali ya abale awiri a banja la Caudron, ku Le Crotoy, kumpoto kwa France. Ndi malo a m'mbali mwa nyanja, ndipo ndege zinkanyamukira pa mcenga madzi akaphwera. Apa tiyeni tikhale kaye pang'ono, cifukwa mpamene pali nkhani.

Ndege imene anaphunzirira inali ya mtundu wa Nieuport. Musaganize za ndege imene mumaiona ku Chingodzi. Iyi inali ya matabwa, yokutidwa ndi nsalu, yomangidwa ndi mawaya. Inali ndi mapiko awiri osanjikizana, lina pamwamba lina pansi. Mipando inali iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, yopanda denga. Ciwongolero ngati ca galimoto munalibe. Mabuleki munalibenso. Injini yake inkathiridwa mafuta a nsatsi, nsatsi zomwezi timazidziwazi, ndipo inkawazira mafutawo kumaso kwa woyendetsa. Onjezanipo mphepo ya m'nyengo yozizira ya ku Ulaya. Munthu ankatsika ali mbuu, zala zitauma.

Nanga ankaiwongolera ndi ciyani? Pakati pa miyendo panali ndodo. Ukaikokera kwa iwe, mphuno ya ndege imadzuka. Ukaikankhira kutsogolo, mphuno imawerama. Ukaipendeketsa kumanzere kapena kumanja, ndege imapendekera komweko. Kumapazi kunali mtanda wopondapo, umene umagwedeza cipsepse ca kumcira, monga mmene nsomba imakhotera m'madzi. Manja ndi mapazi ziyenera kumvana. Mpaka lero ndege zing'onozing'ono zimayendetsedwa motero, kungoti zina m'malo mwa ndodo anaikamo cogwirira.

Mumlengalenga injini inkalira kwambiri moti mawu a mphunzitsi sankamveka. Koma ndodo ya mphunzitsi ndi ya wophunzira zinali zolumikizana. Wophunzira ankangogwira yake mopepuka n'kumamva mmene ikuyendera. Ndi mmenenso mwana amaphunzirira kulemba, wamkulu atamugwira dzanja.

Mwina mukudabwa kuti cinthu colemera conco cimakhala bwanji m'mwamba. Cimene cimanyamula ndege ndi mphepo yothamanga pa mapiko. Injini imakoka ndege kuti ithamange, mapiko n'kumakankhira mphepo pansi, ndege n'kukwera. Liwiro likacepa kwambiri, mapiko amasiya kunyamula, mphuno imagwa, ndipo nthawi zina ndege imayamba kuzungulira ngati tsamba louma. Wophunzira aliyense amaphunzitsidwa dala zimenezi ali m'mwamba kwambiri, kuti adziwe kudzipulumutsa. N'cifukwa cakenso ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo. Ndipo pano pa Tete pali cina. Kukatentha ngati mu Okutobala ndi Novembala, mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino, ndipo ndege imafuna msewu wautali kuti inyamuke. Woyendetsa wanzeru amawerengera kutentha, katundu ndi mafuta asanalize injini. Masamu a pa sikelo ya thonje aja ndi amenewa abweranso.

Covuta kuposa zonse ndi kutera. Funsani wopalasa bwato pa Zambezi. Kucoka padoko n'kosavuta, koma kukoceza pamalo enieni madzi akukoka, mpamene pamaonekera katswiri. Ndege nayo imafuna kuti uitsitse pa liwiro loyenera, uidzutse mphuno pa nthawi yake, mawilo akhudze pansi mofatsa. Ukafulumira imadumpha, ukacedwa imamenya pansi. Wophunzira amanyamuka, kuzungulira bwalo, kutera, kunyamukanso, kambirimbiri. Kenako limafika tsiku limene mphunzitsi amatsika n'kumusiya yekha.

Bessie ali pa sukulupo anaona wophunzira mnzake akugwa ndi ndege n'kufa. Zinamuopsa kwambiri. Koma sanalongedze katundu.

Patatha miyezi 7 anayesedwa mayeso. Anayenera kuuluka mozungulira ngati akulemba nambala 8 m'mwamba, ndiponso kutera pafupi ndi malo amene anamuikira cizindikiro. Pa 15 Juni 1921 analandira ciphaso ca bungwe la Fédération Aéronautique Internationale, covomerezeka m'maiko onse. Anakhala mkazi woyamba wakuda padziko lapansi kukhala ndi ciphaso coulutsira ndege. Amelia Earhart, mzungu wochuka uja, analandira cake patapita zaka ziwiri. Pa ciphaso ca Bessie panalembedwa kuti anabadwa mu 1896. Eetu, anadzicotsera zaka zinayi. Analinso ndi kacizolowezi kokometsera nkhani akamalankhula ndi atolankhani. Anali munthu ngati ife tomwe, si mngelo ayi.

Mwina wina mwa inu, kapena mwana wanu, akufunsa kuti nanga lero zimatheka bwanji. Ciphaso coyamba ndi ca woyendetsa ndege payekha. Cili ngati karta ya galimoto ya pakhomo: ukhoza kunyamula abale ndi anzako, koma osati kulipiritsa anthu ngati chapa. Malamulo a maiko onse amati munthu akhale ndi zaka zosacepera 17, ndipo auluke maola osacepera 40, ena ndi mphunzitsi, ena yekha. Dokotala amamuyeza maso, makutu ndi mtima. Pali mayeso olemba a za nyengo, mapu, injini ndi malamulo a mumlengalenga, komanso kulankhula pa wailesi. Ulendo uliwonse umalembedwa m'buku: tsiku, ndege, kocokera, kofikira, ndi maola. Kuno ku Mozambique ziphaso zimaperekedwa ndi Instituto de Aviação Civil de Moçambique, ndipo ku Maputo kuli Aero Clube de Moçambique, kalabu ya okonda ndege imene inayamba mu 1928. Tisanamizane, n'zodula. Ola lililonse limalipiridwa palokha, ndipo ambiri amaphunzira modukizadukiza, ndalama zikapezeka.

Tibwerere kwa Bessie. Anafika ku New York mu Seputembala 1921, ndipo manyuzipepala a anthu akuda anamulandira ndi cimwemwe. Koma ciphaso sicidyedwa. Ndege zonyamula anthu zinali zisanafale, ndipo panalibe woti amulembe nchito. Ndalama zinali m'zionetsero. Woyendetsa ankapita m'tauni, anthu n'kulipira pakhomo kuti aone ndege ikugudubuzika m'mwamba, ikutsika ngati kabawi pa mwanapiye, n'kudzukanso itatsala pang'ono kugunda pansi. Luso limeneli panalibenso womuphunzitsa ku America. Conco mu Febuluwale 1922 anaolokanso nyanja. Anaphunzira ku France, anakaonana ndi Anthony Fokker, katswiri wopanga ndege wa ku Netherlands, n'kukaulukanso ku Germany.

Cionetsero cake coyamba cinacitika pa 3 Seputembala 1922 pa bwalo la Curtiss Field, kufupi ndi New York. Cinali colemekeza asilikali akuda amene anamenya nkhondo ku France. Ndege inali yobwereka. Kenako anakaonetsa ku Memphis ndi ku Chicago. Anthu anamupatsa dzina lakuti Queen Bess, kutanthauza Mfumukazi Bess. Ankavala jekete lacikopa ndi nsapato zazitali ngati msilikali. Anali wamfupi, koma akatulukira pabwalo aliyense ankadziwa kuti mwini nchito wafika.

Cimene ankafuna kwenikweni sicinali kuomberedwa m'manja. Ankafuna kutsegula sukulu ya ndege ya anthu akuda, kuti wina asadzaolokenso nyanja cifukwa cokanidwa kwawo. Ndalama iliyonse ankaiwerengera ku sukulu imeneyo. Komabe panali ndalama zina zimene ankazikana. Anthu ena opanga filimu anamupempha kuti akhalemo. Iye anavomera. Atamva kuti filimuyo iyamba iye atavala nsanza, ndodo kumanja, phukusi kumsana, monga mmene azungu ankakondera kuonetsa munthu wakuda, anatembenuka n'kucoka. Anataya ndalama, anatayanso anthu ena amene akanamuthandiza. Ena anati ndi wamakani. Ife tikuona kuti apa makaniwo anali m'malo mwake.

Kumayambiriro kwa 1923 anagula ndege yakeyake ku California. Inali Curtiss JN-4, imene anthu ankaicha Jenny, yotsala ku nkhondo. Inali yochipa cifukwa inali yotopa. Mu Febuluwale caka comweco, atangonyamuka ku Santa Monica, injini inazima. Ndege inagwa n'kuphwanyika. Bessie anathyoka mwendo ndi nthiti, ndipo anagona m'cipatala miyezi itatu. Ndege yapita, ndalama zapita. Panatha pafupifupi zaka ziwiri asanayambenso kuuluka bwinobwino.

Mu 1925 anabwerera kwawo ku Texas. Pa 19 Juni, tsiku limene anthu akuda a kumeneko amakumbukira kutha kwa ukapolo, anaulutsa ndege ku Houston. Ankayendanso m'machalichi, m'masukulu ndi m'maholo, kuonetsa mafilimu a maulendo ake ndi kulimbikitsa anthu, makamaka amayi, kuti aphunzire ndege. Atafika ku Waxahachie, kumene ankatola thonje kuja, okonza cionetsero anafuna makomo awiri, la azungu ndi la akuda. Bessie anati ngati zili conco sauluka. Anthu onse analowera khomo limodzi. M'katimo anakhalabe mosiyana, azungu uku akuda uku. Sanagwetse khoma lonse, koma tsiku limenelo khomo linali limodzi.

Pofuna kumaliza kulipira ndege ina, anatsegula malo okonzera tsitsi ku Orlando, ku Florida. Ndegeyo inali Jenny inanso yakale, ndipo inali ku Dallas. Makaniko wina wacizungu wa zaka 24, William Wills, ndiye anaiulutsa kupita nayo ku Jacksonville, kumene kunakonzedwa cionetsero pa 1 Meyi 1926. Panjira anatera mokakamizika cifukwa ca kuvuta kwa injini. Abale ndi abwenzi anamucenjeza Bessie kuti ndegeyo si yabwino. Apa napo anacita makani, ndipo ulendo uno makaniwo sanamuthandize.

M'mawa wa pa 30 Epulo 1926 awiriwo ananyamuka kukayendera bwalo. Wills ndiye ankayendetsa, Bessie ali pampando wa kumbuyo. Tsiku lotsatira ankafuna kudumpha ndi parachuti, ambulera yaikulu ya nsalu ija, ndiye anafuna kusuzumira pansi kuti aone poti adzatere. Popeza anali wamfupi, sakanatha kusuzumira atamanga lamba. Sanamange. Patangotha mphindi ngati 10, ndege inaweramira pansi mwadzidzidzi, n'kuyamba kuzungulira, kenako n'kugadabuka. Bessie anaponyedwa kunja ali pamtunda wa mamita pafupifupi 600, ndipo anafera pomwepo. Wills analephera kuidzutsa ndegeyo, nayenso anafa. Munthu wina wosokonezeka ndi zimene anaona anayatsa macesi pafupi, mafuta n'kugwira moto. Pofufuza m'zotsalazo anapeza sipanala. Inali itasiyidwa m'ndege, ndipo inatsetsereka n'kukatsekereza zowongolera. Pofuna kupewa ngozi zotere, mpaka lero makaniko wa ndege amawerenga zida zake akamaliza nchito, ndipo woyendetsa amazungulira ndege yonse ndi pepala m'manja asanakwere.

Bessie anamwalira ali ndi zaka 34. Mwambo wa maliro unacitika ku Jacksonville, ku Orlando, kenako ku Chicago, kumene anthu pafupifupi 10,000 anabwera kudzamuona komaliza. Ida B. Wells, mayi wochuka womenyera ufulu wa anthu akuda, anali nawo patsogolo pa mwambowo. Anamuika m'manda a Lincoln, kunja kwa mzindawo.

Sukulu ija sanaitsegule. Anaitsegula ndi William Powell mu 1929 ku Los Angeles, n'kuicha Bessie Coleman Aero Club. Mu 1992 Mae Jemison, mkazi woyamba wakuda kupita kutali kunja kwa dziko lapansi, anatenga cithunzi ca Bessie m'combo ca Endeavour. Mu 1995 boma la America linaika nkhope yake pa sitampa. Oyendetsa ndege akuda a ku Chicago nawonso anamukumbukira. Mu 1931 anayamba mwambo wouluka motsika pamwamba pa manda a Lincoln, n'kuponya maluwa pa mtumbira wake.